Mmene mungasakire nyimbo za Irving Kaufman, woyimba amene ankabisala m'mayina ena

Kuno ku Mzuzu ukatchula nyimbo zakale za ku America anthu amathamangira kwa Jim Reeves ndi Don Williams basi, zija zimalira m'maminibasi Lamulungu m'mawa. Koma kumbuyo kwa amenewo kuli gulu lina la oyimba a zaka za m'ma 1920, anthu oti ankayimba pa mbale za galamafoni za mabandi ovinitsa dansi, ndipo mmodzi mwa amene anajambula nyimbo zochuluka zedi ndi Irving Kaufman. Vuto lake kumusaka munthuyu sikungolemba dzina pa YouTube nkukhala pansi kumvera ayi, chifukwa nyimbo zake zambiri zinatuluka popanda dzina lake kapena ndi dzina lopeka, nde ndati ndilembe mmene ine ndimachitira kuti amene muli ndi chidwi musavutike poyambira. Mukufunika foni, ma earphone abwinoko, bando ya usiku ndi kope limodzi lolembamo. Zotsalazo ndi ntchito ya khutu lanu.

Mumudziwe kaye munthuyo. Anabadwa pa 8 February 1890 ku Syracuse m'chigawo cha New York, m'banja la Ayuda ochokera ku Russia, ndipo anayamba kuyimba pagulu ali kamwana. Asanalowe mu situdiyo anakulira pa siteji ya vaudeville, zisudzo zija zosakaniza nthabwala, magule ndi nyimbo, ndipo anakhalaponso mu gulu la Avon Comedy Four limodzi ndi Joe Smith ndi Charlie Dale. Izi sindikukuuzani ngati mbiri chabe, zikuthandizani pomvetsera, chifukwa siteji ya masiku amenewo inalibe maikolofoni, woyimba ankayenera kutulutsa mawu okwana kuti amene wakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo amve liwu lililonse, ndipo kayimbidwe kameneko Kaufman sanakasiye. Nyimbo yake yoyamba anajambula mu 1914 ku kampani ya Edison. Abale ake Phil ndi Jack nawonso anali oyimba, ndipo Phil atamwalira Irving ndi Jack anajambula nyimbo zambiri awiriwiri.

Ntchito yoyamba ndi kuphunzira mawu ake pa mbale zomwe dzina lake linalembedwa poyera, zobisikazo zidikire kaye. Lembani Irving Kaufman 78 rpm (78 rpm ndi liwiro lomwe mbale zakalezi zimazungulira pa mphindi) pa YouTube kapena pa archive.org mupeza zambirimbiri, kenako dawunilodani zingapo usiku bando ikatchipa, sizidya data kwenikweni chifukwa mbali imodzi ya mbale ya mainchesi 10 inkangokwana mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono, nyimbo zonse za nthawi imeneyo ankazikonza kuti zikwane mmenemo. Chonde musaziike pa woofer. Mabesi mulibe m'nyimbo zimenezi, woofer ingokukulitsirani phokoso la singano lija la shwee ndi kuthetheka, mapeto ake muziyesa zowonongeka nkuzifufuta. Valani ma earphone, voliyumu pakatikati, ndipo sankhani nthawi yoti mvula sikugunda pa malata, mukudziwa nokha mvula yathu ya kuno ikafuna imagwa tsiku lonse osapuma. Masiku oyamba khutu limangomva phokosolo, kenako limazolowera lokha nkuyamba kulidumpha, mawu a munthu amabwera kutsogolo.

Mawu ake ndi a tenala, owala, akuthwa, otulukira pang'ono m'mphuno, ndipo liwu lililonse amalitchula mpaka kumapeto kwake, ngakhale Chizungu chanu chili chongoyambira mumva zomwe akunena. Sakoka nyimbo, saichedwetsa, amaponda pa biti penipeni ndipo akamalowa amalowa ndi mphamvu zonse kuyambira liwu loyamba, palibe zonyengerera. Ine chimenechi ndi chomwe ndimamukondera, kuyimba kwa munthu wosangalala ndi ntchito yake, ndipo inu amene mumaphunzitsa makwaya ku Katawa kapena ku Zolozolo pali choti mutolepo apa pa nkhani ya katchulidwe ka mawu. Za iye ndi Jack zisiyeni kaye mpaka mutamuzolowera ali yekha, apo bii mawu awiriwo akusokonezani.

Tsopano tifike pa mbale za dansi zenizenizo. Pa mbale zimenezi bwana anali bandi, woyimba anali mlendo wongodutsa. Nyimbo imayamba ndi zida zokhazokha, malipenga, ma saxophone, piyano, banjo, tuba kumbuyo, bandi imayimba kaye kolasi yonse kuti ovina agwire sitepe, kenako pakatha mphindi imodzi kapena kuposerapo mpamene woyimba amalowa nkuyimba kolasi imodzi yokha, kawirikawiri masekondi ngati 40, basi watha, bandi nkumalizitsa yokha. Nde mukatsegula nyimbo nkumva zida zokha musafulumire kudumpha, dikirani akubwera. Kaufman pa ntchitoyi anali ngati mmisiri waganyu amene lero akumanga khoma ku Mchengautuwa mawa ali ku Chibavi, nyumba zonsezo zaima ndi manja ake koma pageti palembedwa dzina la mwini nyumba. Oyimba a mtundu wake ankalipidwa pompo pa nyimbo iliyonse yomwe ajambula, mbale igulidwe kwambiri kapena ayi zawo zinali zomwezo, ndipo makampani ankamufuna chifukwa nyimbo yatsopano ankaigwira msanga osawononga nthawi ya situdiyo. Nchifukwa chake mumupeza paliponse, Victor, Columbia, Edison, Vocalion, Gennett, OKeh, Harmony, Banner, Perfect, onsewo anawayimbira.

Amene amaika nyimbozi pa intaneti ambiri amaikanso chithunzi cha lebulo, kapepala kozungulira kaja ka pakati pa mbale. Imitsani vidiyo, kulitsani chithunzicho ndi zala muwerenge bwinobwino. Pamwamba pali dzina la kampani, pansi pa bowo pali mutu wa nyimbo, olemba nyimbo m'zilembo zazing'ono, mtundu wa dansi, nthawi zambiri Fox Trot kapena Waltz, kenako dzina la bandi m'zilembo zazikulu. Zomwe inu mukusaka ndi timawu ting'onoting'ono takuti vocal refrain kapena vocal chorus, ndi umboni woti muli woyimba mkatimo. Nthawi zina dzina limatsatira, nthawi zina zii palibe kanthu. Ndipo dzina likakhalapo musalikhulupirire msanga. Mukaona George Beaver pa mbale za Banner ndi anzake, kapena Noel Taylor pa OKeh, tcherani khutu, amenewo ndi ena mwa mayina omwe Kaufman ankawagwiritsa ntchito. Ngakhale dzina la bandi lenilenilo limanama, atsogoleri a mabandi ngati Sam Lanin ndi Ben Selvin ankajambula ndi mayina ambirimbiri a mabandi oti kunja kwa situdiyo kunalibe.

Mwina mukudabwa kuti chinyengo chonsechi chinali cha chiyani. Inali bizinesi basi. Mbale ya Victor inkagulidwa 75 cents, koma panali makampani ena ogulitsa mbale zotchipa m'masitolo akuluakulu, sitolo iliyonse ikufuna lebulo yakeyake, Oriole inali ya masitolo a McCrory, Romeo ya Kress, Diva ya W. T. Grant. Nde nyimbo imodzi yojambulidwa kamodzi m'mawa umodzi inkatha kutuluka pa malebulo atatu kapena anayi, apa dzina la bandi ili, apo lina, woyimba naye mayina osiyana, kuti wogula aziona ngati sitolo yake ili ndi oyimba akeake komanso kuti asamatope ndi dzina limodzi pa mbale iliyonse. Mu 1929 angapo mwa makampani otchipawa anaphatikizana kukhala American Record Corporation ndipo kugawana nyimboko kunangowonjezeka.

Pamenepa mpamene pali chinsinsi cha ntchito yonseyi, nde mvetsetsani. Mbale iliyonse ili ndi manambala awiri. Yoyamba ndi yamalonda, yosindikizidwa pa lebulo m'zilembo zooneka, imeneyo imasintha kampani ikasintha. Yachiwiri ndi matrix number, nambala yomwe situdiyo inapereka kwa chojambulidwacho tsiku lomwe anajambula, kawirikawiri inadindidwa m'thupi la mbale momwe, pamalo posalala paja pakati pa mzere womaliza wa nyimbo ndi lebulo, nthawi zina imalembedwanso pa lebulo m'tizilembo tating'ono. Kumapeto kwake mumapeza kanambala kapena kachilembo kena, kameneko kakunena kuti anabwereza kangati, take yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu. Mbale ziwiri zikakhala ndi mayina osiyana koma matrix imodzi dziwani kuti ndi chinthu chimodzi chomwecho, anthu omwewo, tsiku lomwelo. Mu kope lanu nambala imeneyi ikhale ndi malo akeake, ine ndimajambula mizere isanu, mutu wa nyimbo, dzina la bandi pa lebulo, dzina la woyimba pa lebulo, kampani ndi nambala yake, kenako matrix ndi chaka. Koma Victor nthawi zambiri sinkadinda matrix pa mbale, kumeneko mugwiritsa ntchito nambala yamalonda ija.

Manambalawo mukawatenga pitani nawo ku Discography of American Historical Recordings, ya yunivesite ya California ku Santa Barbara, ndi yaulere ndipo imatseguka pa foni ngakhale netiweki ili yofooka chifukwa zambiri ndi zolemba chabe. Anthu amenewa anatenga mabuku akale a makampani monga Victor, Columbia, OKeh, Brunswick ndi Edison nkuwakopera, nde mukalemba dzina la Kaufman mupeza mndandanda wautali wa zojambula zake, tsiku, mzinda, bandi, matrix, ndipo pomwe anagwiritsa ntchito dzina lopeka amakuuzani. Makampani ang'onoang'ono otchipa aja ena sanalowemo mokwanira, kumeneko anthu amadalira buku la Brian Rust la 1975, The American Dance Band Discography 1917–1942, lomwe osonkhanitsa mbale amalitchula kawirikawiri. Zomwe walemba munthu pamutu wa vidiyo zitengeni ngati poyambira chabe, ena amangoganizira chaka, ena amakopera zolakwika za anzawo.

Chaka mutha kuchiganiziranso ndi khutu. Mpaka 1925 kujambula kunalibe magetsi, bandi yonse inkaunjikana kutsogolo kwa chilipenga chachikulu, mphamvu ya phokoso lenilenilo ndi imene inkagwedeza singano yolemba pa phula. Zida zofewa zinkasowa, nchifukwa chake tuba inkalowa m'malo mwa besi ya zingwe, woyimba ng'oma ankangogogoda timatabwa ndi chimbale chamkuwa, ndipo woyimba nthawi yake ikakwana ankayandikira ku lipengalo, akamaliza nkubwerera m'mbuyo kupatsa malo anzake. Mbale zotere zimamveka zothina, zopanda pansi zopanda pamwamba, chilembo cha s chimatsala pang'ono kusoweka. Mawu amphamvu a Kaufman anali oyenera ndendende makina amenewo. Mu 1925 Victor ndi Columbia anayamba kujambula ndi maikolofoni pogwiritsa ntchito njira ya Western Electric, pompo mumayamba kumva piyano yonse, mpweya wa m'chipinda, ngakhale kupuma kwa woyimba. Koma samalani ndi Harmony, lebulo yotchipa ya Columbia, iyo inapitiriza ndi makina akale aja mpaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, nde mbale ya Harmony ya 1927 imamveka ngati ya zaka zisanu m'mbuyo mwake.

Yesani izi usiku umodzi magetsi akathima, foni ili ndi chaji. Sakani There Ain't No Land Like Dixieland to Me ya Broadway Bell-Hops, ya September 1927 pa Harmony. Bandiyo ndi ya Sam Lanin, woyimba ndi Kaufman, ndipo lipenga lomveka bwino lija ndi la Bix Beiderbecke, mnyamata amene anamwalira mu 1931 ali ndi zaka 28 zokha. Mukamaliza pitani ku Lila ya bandi ya Frankie Trumbauer, ya April 1928 pa OKeh, pomwe lebulo ikuti Noel Taylor. Pangodutsa miyezi yochepa koma kamvekedwe kasinthiratu chifukwa OKeh inali kale pa maikolofoni, komabe munthu wake ndi yemweyo, katchulidwe komweko, kalowedwe komweko. Kenako ikani Borneo ya bandi yomweyo mwezi womwewo, mmenemo akuyimba ndi Scrappy Lambert, mnzake pa ntchito yomweyi amenenso anali ndi mayina opeka ambiri. Lambert mawu ake ndi osalala, opepuka, okwera, ndipo mukabwereza zitatuzi kangapo motsatizana kusiyanako kumakhazikika m'mutu moti tsiku lina mudzangomva kolasi ya mbale yosadziwika nkunena nokha kuti uyu ndi Kaufman musanayang'ane paliponse. Mukatero lembani ndi pensulo, bolopeni mudzagwiritse ntchito manambala akavomereza.

Kope likayamba kudzaza muona chinthu china chokha, zaka za 1926 mpaka 1929 masamba ali thoo, kenako mizere ikuyamba kuchepa. Zifukwa zake ndi ziwiri. Maikolofoni inatsegulira khomo oyimba motsitsa mawu, Gene Austin, Rudy Vallée, Bing Crosby amene analowa bandi ya Paul Whiteman mu 1926, ndipo anthu atazolowera kuyimbiridwa chapafupi kayimbidwe ka pa siteji kanayamba kuoneka kachikale. Chachiwiri ndi kugwa kwa chuma kwa 1929, mbale zomwe zinkagulidwa ku America zoposa 100 miliyoni mu 1927 zinatsika kufika pafupifupi 6 miliyoni mu 1932, anthu anasankha wailesi yaulere. Kaufman nayenso anapita ku wailesi konko, kuyimba, kuchita timasewero ta mawu osiyanasiyana ndi zotsatsa malonda. Mu 1947 anali pa siteji ya Broadway ku New York m'sewero loyimba la Street Scene la Kurt Weill, mu 1949 anadwala mtima nkusiya ntchito, koma mu 1974 ali ndi zaka 84 anajambulanso nyimbo zingapo kunyumba kwake. Anamwalira pa 3 January 1976 ku Indio, California. Kuchoka 1914 kufika 1974 ndi zaka 60 munthu mmodzi akujambula.

Pali chinthu chimodzi choti ndikuchenjezeni, ndipo ndikunena mosabisa. Nyimbo za nthawi imeneyo zina zili ndi mawu onyoza anthu akuda ndi mitundu ina, zina zimatamanda moyo wa kummwera kwa America ngati kunali mtendere pomwe abale athu kumeneko ankazunzidwa, ndipo zina mwa zomwe ndatchula pamwambapa zili ndi fungo limenelo. Kaufman mwiniwake pa wailesi m'ma 1930 ankasewera munthu wotchedwa Lazy Dan the Minstrel Man, zochokera ku mwambo woipa uja woti azungu azitsanzira akuda mowaseka. Ine sindiziikira kumbuyo zimenezo, zimandipweteka, ndipo nyimbo zotere ndimaziika chizindikiro mu kope kuti ndisamaziyimbire ana kapena alendo osafotokoza kaye. Komanso mukamasaka mabandi a azunguwa musaiwale kuti kavinidwe ndi kamenyedwe konseko anakatenga kwa oyimba akuda, nde pakati pa ntchitoyi mudzipatse mpata womvera Fletcher Henderson, Duke Ellington ndi Louis Armstrong a zaka zomwezo, mumva komwe moto unkachokera.

Chomaliza ndi cha amene mungakhale ndi mwayi wopeza mbale yeniyeni m'manja. Agogo ambiri a ku Nkhata Bay, Mzimba ndi Rumphi amene anapita ku Joni ndi ku Salisbury, Harare ya lero, ankabwera ndi galamafoni ndi mbale zake, ndipo zina zikadali m'masutikesi akale pansi pa bedi. Zambiri zikhala za kummwera konkuno, Gallotone ndi zina zotero, zimenezonso ndi chuma musazitaye, koma mukapeza ya ku England yolembedwa Fox Trot yang'anani matrix, chifukwa Parlophone inkatulutsa zojambulidwa ndi OKeh ndipo Imperial inkatenga za Banner ndi anzake, nde woyimba wa ku New York atha kukhala mmenemo. Mbale zimenezi ndi za shellac, mtundu wa utomoni wouma, osati pulasitiki, zimasweka zikangogwa kapena kupindidwa, zigwireni ndi manja awiri m'mphepete. Musayerekeze kupukuta ndi spirit kapena mowa uliwonse, shellac imasungunuka. Ngati yachita chuku ndi chinyezi chathu cha kuno tengani kansalu kofewa, madzi pang'ono ndi kadontho ka sopo, pukutani mozungulira motsata mizere osanyowetsa lebulo, kenako iume pamthunzi, padzuwa ayi. Zisungeni zoimirira, osati zosanjikiza. Ngati galamafoni ikugwirabe ntchito singano yachitsulo ndi ya mbali imodzi yokha, ikatha nyimbo sinthani, yobuntha imadya mizere. Pa turntable yamakono pamafunika liwiro la 78 ndi singano yake yokulirapo, ya mbale zapulasitiki za LP ija imangolowa mpaka pansi pa mzere nkukupatsani phokoso lokhalokha. Ngati zonsezo mulibe osadandaula, jambulani chithunzi cha lebulo mbali zonse ziwiri, ndipo pojambula matrix walitsani tochi ya foni ina chammbali kuti manambala odindidwawo achite mthunzi, mukawalitsa kuchokera pamwamba saoneka. Ndi manambala amenewo nyimboyo mutha kukaipeza pa intaneti nkuimvera mbale ili chisungire.